Mawu Anga Atasefukira M'makina a Lusiyano

Amene analipo tsiku limenelo ndiyambe ndawatchula onse, kuti wina asadzanene kuti nkhaniyi ndaithira mchere wanga. Analipo Che Jafali, mnzanga wa paubwana wogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, munthu amene chibadwire sanandiyamikirepo kanthu. Analipo a Pondani, katekisiti wa tchalitchi chathu ku Ulongwe. Analipo a Chikwanje, tcheyamani wa nthambi ya chipani kwathuko. Analiponso mpongozi wanga Esinati, ngakhale iye zonse anazionera pakhomo, chogwada. Wotsiriza ndinali ine. Amene panalibe ndi mwini wake wa zinthuzo, mwana wanga Lusiyano, ndipo mukamva mmene zinathera mudzaona nokha kuti mlanduwu ndi wogawana: theka langa, theka la kuchoka kwakeko.

Sukulu sindinapite nayo patali (ndinatsanzika pamene aphunzitsi anayamba zogawa manambala, ndipo izi ndikulembazi pensulo ikuchita thukuta), koma pogawa mawu Mulungu ananditapira ndi manja awiri. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa chombo chowolotsa magalimoto pa Liwonde, mlatho usanamangidwe. Chombo chikakhala tsidya lija la Shire, galimoto n'kufika tsidya lino, sankaimba belu iyayi. Ankaitana ine. Ndinkaima pagombe, manja m'chiuno, n'kukuwa kamodzi kokha, mvuu n'kudzutsa mitu. Kutchalitchi abambo anandipempha mwaulemu kuti ndiziimbira kumbuyo kwenikweni, ati makanda akudzidzimuka. Maliro akagwa m'mudzi mthenga ndine mpaka lero, ndipo sindiyenda mtunda. Ndimangokwera pachulu.

Lusiyano mawu anatengera amake, amalankhula ngati akupempha moto kwa eni ake. Mutu wokha ndiye wanga. Anaphunzira za matelefoni ndi mawailesi mpaka kunja, n'kubwerako ndi mapepala ake. Chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu, chipani chikadali chimodzi, akuntchito kwake anamutumiza ku Balaka. Vuto linali lakuti oyendetsa sitima akamalankhula pa wailesi ndi anthu a pasiteshoni, chimene chinkamveka ndi injini, munthu osamveka. Mwana wanga anauza mabwana ake kuti angathe kupanga kachipangizo kochotsa phokosolo n'kusiya mawu okha. Mabwanawo anati adzabwera Lolemba kudzamva ndi makutu awo. Akakhutira, ntchitoyo ikhala yake. Akapanda kukhutira, akagula za kunja, iye abwerere kokakwera mapolo a telefoni. Ine ndinafika Lachisanu, ndi tambala m'manja, kudzaona mmene akukhalira.

Tebulo la m'chipinda chochezera, limene Esinati ankafuna kuikapo maluwa, linali litalandidwa. Panali kompyuta. Panali kathabwa kobiriwira kodzala tizitsulo, kolumikizidwa ku maikolofoni ndi ku sipika. Pakati pa ziwirizi panali bokosi lotuwa, lalikulu ngati sutikesi ya munthu wochokera ku Joni, ndipo m'menemo munatuluka lamba wa mawaya wophwatalala. Kumapeto kwa lambayo kunali kamutu ka miyendo yambirimbiri, kolowa pa kamphako ka pakati pa kathabwa kaja.

Kenako Lusiyano anatsegula kabokosi konga ka machesi n'kundionetsa kanthu kakuda, ka miyendo mbali zonse ziwiri ngati bongololo. Ati dzina lake kachipi, ndipo ndi komwe kadzakhale pa kamphako kaja mpaka kalekale. Kanali kamodzi kokha, kanabwera pa ndege atakadikira miyezi. Anandifotokozera moleza, monga amachitira. Ati mtundu umenewu sudziwa ntchito ina koma ya mawu. Kamadula mawu a munthu tizidutswa tating'onoting'ono, kachidutswa kalikonse n'kukasandutsa nambala, kenako kuchulukitsa ndi kuphatikiza mwaliwiro losaneneka, mpaka phokoso lipatuke ngati gaga popeta. M'kati mwake ati muli nkhokwe ziwiri, ina ya malamulo ina ya manambala, iliyonse ndi khomo lake, kuti kazitapa uku ndi uku nthawi imodzi. Zonse zikawerengedwa zimathiridwa m'dengu limodzi.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji kakugona m'bokosi ntchito ilipo. Iye anati kachipi kali ndi khalidwe loipa: kamagwira ntchito chitseko chotseka, kakalakwitsa sungakafunse, ndipo malamulo ukawalembamo walemba, safufutika. N'chifukwa chake pali bokosi lotuwalo, limene iye ankalitcha emyuleta. Limavala miyendo yofanana ndi ya kachipi, limakhala ndi nkhokwe ziwiri zomwezo ndi dengu la msinkhu womwewo, ndipo kathabwa kobiriwira sikadziwa n'komwe kuti kakulankhula ndi mlendo. Ubwino wake, ati ungaliimitse pakati pa ntchito, ngati kuimitsa wovina mwendo uli m'mwamba, kompyuta n'kukuonetsa zimene zili m'dengumo. Ukabweretsa kachipi ka fuko lina, uyenera kusintha kamutu ndi malamulo a m'bokosimo, chifukwa fuko lililonse linamangidwa mwa njira yake.

Ndinati, "Ndiye ndi wotsanzira basi ameneyu."

Anaseka. "Eya, ababa, koma wotsanzira wokhulupirika. Mwini wake akamatsimphina mwendo wamanzere, nayenso atsimphine wamanzere womwewo. Akayenda bwino kuposa mwini wake ndiye kuti akundinamiza."

Mawu amenewo ndinawamva, koma ndinawaika pamalo pamene ndimaika malangizo a adokotala. Chimene chinandikhala pamtima ndi china. Kwathu, mwinimbumba akachoka, mng'ono wake amakhala pampando n'kumaweruza m'malo mwake, palibe wodandaula. Koma mwinimbumba akangotulukira pabwalo, mng'onoyo amatsika n'kukhala pamphasa. Ndiwo ulemu. Apa mwini wake analipo, wamoyo, atagonekedwa m'kabokosi, womuimira ali phee pampando.

Madzulo dzuwa lisanalowe anandiyesa. Anayatsa tepi ya phokoso la injini, n'kundiuza kuti ndiime patali pang'ono ndi maikolofoni, ndilankhule motsitsa. Ndinanong'ona. Mu sipika munatuluka mawu anga oyera ngati madzi a pachitsime, injini itathawa. Ndinakondwa, inde, koma kukondwa kwake kwa mkango umene aupempha kuti ulire ngati mphaka n'kuuyamikira kuti walira bwino.

Loweruka m'mawa kunabwera munthu kudzamutenga, ati kwawonongeka kanthu kusiteshoni. Makina anawasiya oyaka, tepi ikulira, chifukwa ati kuwadzutsa kumatenga nthawi. Potuluka anati ndizionera ndi maso okha. Ndinavomera ndi mtima wonse (ndipo panthawiyo sindinkanama).

Ndinapita kumsika kukawongola miyendo, ndipo ndi kumene satana anandikonzera anthu atatu aja. Che Jafali anabwera ndi nsomba zawo, a Pondani anali ndi zawo za kumishoni, a Chikwanje amadikira msonkhano wa masana. Anthu a kwanu ukawapeza kutali, pakamwa pamayabwa. Ndinawauza kuti mwana wanga wapanga makina otsuka mawu, ndipo munthu woyamba kutsukidwa m'dziko muno ndine. A Pondani anayamika Mulungu. A Chikwanje anafunsa ngati boma likudziwa. Che Jafali anapitiriza kuthamangitsa ntchentche pa nsomba zawo, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Ngwamba, iyayi achimwene. Mawu anuwo anabadwa ndi dzimbiri. Angakhale sopo wa azungu sangawathe."

Munthu wina akanaseka n'kupita. Ine ndinawatenga onse atatu.

Esinati atationa tikulowa anatilonjera bwino, n'kutiikira tiyi. Ataona kuti mipando tikuikokera kutebulo lija, anagwada pakhomo n'kunena motsitsa kuti amuna ake anati akabwera adzationetsa okha bwinobwino. Mwana woleredwa bwino sangauze apongozi ake kuti iyayi pamaso pa alendo, ndiye apo n'pamene akanafika. Ndinamuyankha kuti ndamva, mayi, palibe chokhudza, tingolankhula.

Anayamba a Pondani. Anawerama ngati akulowa mokalapa, n'kunena mzere umodzi wa pemphero. Unatuluka woyera, injini osamveka, mpaka iwo eni anayankha amen. A Chikwanje anayamba afunsa ngati mawayawa sakufika kunja kwa dziko (masiku amenewo funso limenelo silinali loseketsa), ndipo nditawatsimikizira kuti akuthera pasipika pomwepo, anakonza kolala n'kupereka moni kwa amayi ndi abambo a nthambi yawo. Woyera. Che Jafali anaitanira nsomba zawo monga achitira pamsika. Woyeranso, mpaka kachifuwa kawo ka fodya kanamveka.

Tsopano inafika nthawi ya mwini mawu. Ndinaimirira. Ndinakankhira mpando kumbuyo, manja m'chiuno, pakamwa pamaikolofoni penipeni. Zonong'ona za dzulo ndinazikana mumtima. Ndinakoka mpweya wa pa Liwonde, n'kuitana chombo monga ndinkachiitanira tsidya lija la Shire.

Chimene chinatuluka mu sipikamo sindinachimvepo pa moyo wanga. Tengani mbuzi, muimange chingwe pakhosi, muiike mu mgolo wachitsulo, wina azing'amba nsalu pambali pake. Ndi chimenecho. Che Jafali anatsetsereka pampando mpaka pansi, kofiya yawo n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. A Pondani anabisa nkhope mu mpango, mapewa okha akugwedezeka. A Chikwanje anati ngati zimenezi zafika kunja palibe vuto, akaganiza kuti tikupha chiweto cha msonkhano.

Ndinati mwina sanandimve bwino. Ndinabwereza, mokweza kuposa poyamba. Mbuzi ija inabereka ana. Galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuyankha.

Apa ndiye mundimvetse, chifukwa maganizo anga anali olongosoka. Anthu atatu alankhula, onse atuluka oyera. Ndalankhula ine, mwini nyumba, bambo wa wopanga makinawo, ndatuluka mbuzi. Ndani amachita zotere? Wotsanzira. Ndi khalidwe lawo, amakulemekeza pamaso, ukatembenuka akukuyerekeza mayendedwe anzawo n'kumaseka. Ndinauza alendo anga kuti chimene akumvachi si makina a mwana wanga, ndi womuimira chabe, wopanda mwambo, ndipo mwini wake weniweni ali m'kabokosi apa. Ine sindilankhula ndi wapamphasa mwini mpando alipo.

Che Jafali, akupukuta misozi, anati, "Muitaneni mwini wakeyo, achimwene. Mwina iye akuchitirani ng'ombe."

Kuchokera pakhomo ndinamva kamawu kakuti, "Ababa, chonde." Ndinakamva bwino lomwe. Koma munthu amene wasekedwa makutu ake amakhala kutali.

Ndinatenga supuni ya tiyi. Matayala a njinga ndakhala ndikuchotsa moyo wanga wonse, ndiye ntchitoyi sinandiopse. Ndinalowetsa chogwirira pansi pa kamutu kaja n'kutukula. Kanatuluka, miyendo ina itapindika ngati ya dzombe. Zozimitsa magetsi sizinandifike m'mutu. Ndinatulutsa kachipi m'kabokosi kake, ndipo apa panabuka funso: kayang'ane kuti? Mbali zonse zinali zofanana, kupatula kuti kumapeto kumodzi kunali kamphako kakang'ono. Ndinati apa ndiye pakamwa pake. Ndipo mwana akamalankhula ndi wamkulu amayang'ana kwa wamkuluyo, sapereka nkhongo. Ndinakatembenuzira kwa ine, n'kukadinikiza ndi chala chachikulu mpaka kanakhala.

Ndinaitana chombo kachitatu. Sipika inangoti zii. Ndinauza anthu kuti mwini wake ndi waulemu, amayamba waganiza. Tinadikira. Kenako a Pondani ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati kukhitchini kwapsa kanthu. Silinali fungo la kukhitchini. Linali ngati la tsitsi lowauka losakaniza ndi pulasitiki. Ndinakhudza kachipi kaja ndipo chala changa chinabwerako chokha, chisanandifunse.

A Chikwanje anakumbukira mwadzidzidzi kuti msonkhano wawo wayandikira, ndipo potuluka anati iwo sanaone kanthu, sanakhudze kanthu, anangomwa tiyi. A Pondani anavula chipewa patsogolo pa tebulo monga tichitira pa maliro, n'kutsatira. Esinati anadzuka, n'kukazimitsa magetsi pakhoma. Anatsala Che Jafali okha. Ndinaganiza kuti atsalira kuti aone mmene bambo amakalipidwira ndi mwana wake, ndipo mwina chinalinso chomwecho, koma anakhala pambali panga pakhonde osaseka, n'kundigawira fodya wawo.

Pakhonde pamenepo ndi pamene Lolemba linandifikira. Kachipi kamodzi kokha, ka pa ndege. Mabwana ali m'njira. Ndinaona mwana wanga, amene anawoloka nyanja kukaphunzira, ali pamwamba pa polo la telefoni padzuwa la ku Balaka, chifukwa cha supuni ya tiyi. Che Jafali amati aka kanali koyamba kundiona nditakhala nthawi yaitali chotero osatulutsa mawu, ndipo anayamba kuopa kuti ndadwala.

Lusiyano anafika masana. Fungo linamulonjera pakhomo. Anayang'ana tebulo, anayang'ana supuni, anayang'ana ine. Akanakalipa bwenzi zili bwino, ndikanadziwa poyankha. Iye anangozula kachipi kaja, n'kukatembenuza m'manja, n'kunena kuti kalowa chagada ndipo kafa. Anakaika m'kabokosi kake n'kutseka. Kenako anakhala pansi ndi kachitsulo konga kozulira minga, n'kuyamba kuwongola miyendo ya kamutu kaja umodziumodzi, mpweya ataugwira. Anati ukathyoka umodzi wokha, Lolemba palibe choonetsa. Palibe unathyoka. Atabwezera kamutu pamalo pake n'kuyatsa, kompyuta inalemba zake, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika. Wotsanzira uja anali moyo.

Apo m'pamene anafunsa chimene chinachitika. Ndisanatsegule pakamwa Che Jafali anali atayamba kale, ndipo pofika pa mbuzi anaiyerekeza ndi luso limene sindinkadziwa kuti ali nalo. Ndinkayembekeza kuti mwana wanga akwiya. Koma iye anatukula mutu n'kufunsa kuti mbuziyo inalira kwa onse kapena kwa ine ndekha. Atamva kuti kwa ine ndekha, anandipempha kuti ndikuwenso chimodzimodzi.

Ndinakana. Ndinati ndasekedwa mokwanira tsiku limodzi. Anandichonderera, ndipo Che Jafali anati alembe penapake kuti lero munthu uyu wapemphedwa kukuwa n'kukana. Basi ndinaimirira, manja m'chiuno, n'kuitana chombo. Mbuzi inayankha. Pomwepo Lusiyano anadina batani, zonse n'kuima chilili, mwendo uli m'mwamba monga ananenera. Anayang'anitsitsa manambala pagalasi la kompyuta, n'kugwira kumutu, n'kuyamba kuseka kuseka kwa munthu amene njoka yamuphonya.

Anandifunsa ngati ndikuidziwa sikelo yopachika ya ogula mbewu pa Ulongwe. Ukapachika thumba lolemera kuposa mphamvu yake, muvi umazungulira n'kupitirira pomalizira, n'kukaloza poyambira, ngati thumbalo ndi la nthenga. Ati ndi zomwe mawu anga anachita. Anadzaza dengu lija mpaka kusefukira, nambala yaikulu n'kugudubuka kukhala yaing'ono, mawu n'kung'ambika. Iye poyesa ankalankhula ndi kamawu kake kopempha moto kaja, ndiye dengu silinadzalepo. Koma woyendetsa sitima, injini ikubangula kumbuyo kwake, sanong'ona. Lolemba wina akanakuwa, mbuzi ikanalira pamaso pa mabwana. Choipa kwambiri, malamulowo akanakhala atawalemba kale mu kachipi, mosafufutika.

Ndinafunsa kuti ndiye wotsanzirayu sanandinyoze? Anati iyayi, anatsimphina mwendo womwe mwini wake akanatsimphina. Kenako ndinafunsa chimene chinali chofunika kwenikweni: ndiye kuti mawu anga ndi aakulu kuposa makinawa? Anati tinganene choncho. Ndinatembenukira kwa Che Jafali kuti amve bwino.

Anawonjezera lamulo limodzi lokha, louza dengu kuti likadzala liime pakamwa, lisagudubuke. Ndinakuwanso. Anthu inu, chinatuluka ndi ine ndemwe, wathunthu, wa pa Liwonde, mawindo n'kunjenjemera. Che Jafali anati dzimbiri likumvekabe pang'ono, koma ananena akuyang'ana pansi.

Lolemba mabwana anabwera ndi mataye awo. Pampando panakhala wotsanzira yemweyo, poti mwini wake anali m'bokosi lake lomaliza. Za imfayo Lusiyano anafotokoza yekha m'Chingerezi, ndipo zimene ananena sindinazimve, ndinangoona bwana wamkulu akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anandiitana kuti ndiyese makinawo monga munthu wa mawu aakulu. Ndinaima manja kumbuyo (anandipangira pangano limenelo tisanalowe) n'kuitana chombo. Bwana wina anataya cholembera. Mawu anatuluka oyera, injini osamveka, mbuzi kulibe. Ntchito inakhala ya mwana wanga, ngakhale anadikiranso miyezi kuti kachipi kena kabwere, ndipo pa miyezi imeneyo makalata ake kwa ife anali aafupi.

Mpaka lero ndimati mwini mpando akakhalapo womuimira atsike, ndipo sindinasinthe. Kungoti womuimira uja ndimamupatsa ulemu wake, chifukwa anasenza mlandu wa banja lathu tsiku limene mwini wake sakanatha. Ndipo pa Ulongwe palibe amene sadziwa kuti makina a kunja anayesa kunyamula mawu anga n'kulephera, mpaka anachita kuwakonza. Mbali ya supuni amaifotokoza ndi Che Jafali, ine sindiwalanda ntchito.

Tsiku lobwerera kumudzi Lusiyano anandiperekeza pokwerera basi. Ndinaona kuti mtima wake wapola, ndiye ndinamukumbutsa kuti pakanapanda ine, bwenzi mbuzi italira pamaso pa mabwana. Anandinyamulira chikwama mpaka pakhomo la basi, n'kundigwira dzanja lomwe lija la chala chowauka, n'kunena motsitsa monga mwa amake:

"Zoona, ababa. Kachipi kena kakafika ndidzakuitanani. Pakamwapo mudzabwere napo. Manjawa mudzawasiye ku Ulongwe, amayi akusungireni."